Kamvekedwe ka ABBA mu kasitudiyo ka kuchipinda, zingatheke?

Chimz_Keys

Amwene muli bwa nonse. Ndili ndi kasitudiyo kanga kuno ku Area 25, laputopu ya FL Studio, ka Scarlett 2i2, mayiki imodzi ya condenser ndi SM58 ija timayenda nayo m'maukwati, kiyibodi ndi Yamaha PSR. Mu bandi yathu muli atsikana awiri oimba bwino zedi, wina mawu ake ndi okwera winayo ndi apakati, nde tinapeka nyimbo yathuyathu ya Chichewa koma bwana amene akutilipirira session akuti iyeyo akufuna imveke ngati ABBA, gulu lija la ku Sweden, zija ankamvera pa wailesi ali mnyamata. Sikuti tiimbe nyimbo zawo ayi, kamvekedwe kokha. Ndajambula koma zikutuluka zowonda, pomwe ukamvera ABBA piyano imamveka yaikulu ndipo mawu amadzaza sipika yonse. Ma vocal ndinapanga copy, ina kumanzere ina kumanja, palibe chasintha, yangokwera volume basi. Kodi anthu aja ankagwiritsa ntchito zida zanji? Ndili ndi kandalama pang'ono, ndimaganiza zoitanitsa Behringer Model D, ka synth kotengera ku Minimoog, ku Joni poti ndinamva kuti Benny, woimba piyano wa ABBA, ankaimba Minimoog. Ndithandizeni ndisanataye ndalama.

Mdala_wa_Tepi

Mphwanga ndalamayo yamba waisunga kaye. Chimene khutu lako likumva pa ABBA chachikulu ndi ntchito ya injiniya wawo Michael B. Tretow, munthu amene anajambula nyimbo zawo kuyambira pachiyambi mpaka pomwe anasiya mu 1982. Mkuluyu anawerenga za momwe Phil Spector ankajambulira ku America, kuunjika oimba ambiri m'chipinda chimodzi, magitala angapo, mapiyano angapo, onse akuimba chinthu chimodzimodzi kuti phokoso likhale lonenepa. Ku Stockholm ndalama yolembera gulu lonselo panalibe, nde pojambula Ring Ring mu January 1973 ku Metronome Studio anangouza anyamata omwewo kuti imbaninso kachiwiri pamwamba pa zomwe mwaimba kale. Ndipo asanajambule kachiwiriko anasintha liwiro la tepi pang'ono pokha, anachita kukulunga selotepi pa kachitsulo kozungulira kamene kamakoka tepi. Zotsatira zake take yachiwiri inakhala yosiyana tune pang'onong'ono ndi yoyamba, moti ziwirizo zikamalira limodzi zimakhala ngati zikugwedezana, ndiye kukula kumene ukumvako.

Copy yako ija singagwire chifukwa ndi mawu omwewo ndendende, kompyuta ikungowaphatikiza nkukhala chinthu chimodzi chokwera pakati. Ukaisuntha pang'ono kuti ichedwe zimayamba kumveka ngati munthu akuimbira m'chidebe, makamaka pa foni kapena ka Bluetooth ka sipika imodzi. Munthu akaimba kawiri sangafananitse ndendende, pena wachedwa pang'ono pena wakweza pang'ono, ndipo kusiyana kumeneko nkomwe kukufunika.

Nde panga chonchi. Piyano uyiimbe ndi manja kawiri, osati kujambula MIDI kamodzi nkuiponya pa ma channel awiri, ndipo quantize usaikanikize mpaka kumapeto. Pa take yachiwiri lowa mu Function ya PSR yakoyo upeze Master Tune, uyichotse pa 440 uyiike pa 442, kusiyana kwake ndi pafupifupi 8 cents (ma cents 100 ndiye semitone imodzi), ndi kokwanira. Ukapitirira kwambiri ziyamba kumveka ngati kiyibodi yadwala. Gitala wa acoustic chimodzimodzi, kawiri, wina kumanzere wina kumanja. Ngati ukufuna zenizeni za tepi zija, Reaper, pulogalamu ina yojambulira ngati FL Studio, ili ndi ka slider ka playrate kosinthira liwiro, ukachotsa preserve pitch nkujambula pa 0.995 kenako kubwerera pa 1.0 ndiye wachita zomwe Tretow ankachita ndi selotepi yake. Kusintha liwiro ndi 1% kumasuntha tune ndi 17 cents, nde theka lake ndi pabwino poyambira.

Nambewe_Alto

Achimwene a Chimz, a Mdala anena zoona koma ine ndiyankhulepo za atsikanawo chifukwa ndaona anyamata a m'ma situdiyo mumathera tsiku lonse pa beat kenako oimba mumawapatsa mphindi 30 dzuwa likulowa. ABBA ndi Agnetha ndi Frida. Agnetha ndi soprano, Frida ndi mezzo, mawu ake ndi ozama komanso ofunda, ndipo nthawi zambiri mu chorus sayamba ndi kugawana ma part monga timachitira ku kwaya, onse awiri amaimba mzere umodzi note imodzi. Mawu awiri osiyana mtundu akagwirizana chonchi pamatuluka mawu ena achitatu oti sungaloze kuti uyu ndi ndani. Mukatero muwajambule kawiri kapena katatu, kenako ma harmony apamwamba ndi apansi nawonso kawirikawiri, muona ma track a mawu okha akufika khumi ndi kuposa, musadabwe.

Vuto limakhala pa kutha kwa mawu. Mwayi wathu Chichewa mawu onse amathera pa a e i o u nde zija za ma s ndi ma t obalalika kumapeto sizitivuta, koma kutalika kwa liwu lomaliza ndi popumira mpweya ndi pomwe anthu amagwa. Wina akatseka pakamwa msanga winayo akadakoka, ma take asanu aja amasanduka chipwirikiti. Lembani mawu a nyimboyo papepala, muchonge ndi bolopeni pamene onse apumire, ndipo ayeserere atayang'anizana maso ndi maso mpaka milomo izitsekera limodzi. Ma "nd" ndi ma "mb" koyambirira kwa mawu nawonso agwirizane kuti akuyamba pa beat kapena beat isanafike.

China, key. Mukamvera bwino ma chorus a ABBA atsikana aja amaimba chakumwamba kwa mawu awo, mwamphamvu, osanong'ona. Ngati nyimbo yanu mwaiika pa key yoti onse akuimba momasuka ngati akutsuka mbale, ikwezeni ndi tone imodzi muone. Ndipo chonde Auto-Tune ija mumaithira ngati mchere ichepe, mukawongola take iliyonse kufika pa note ndendende mwabwerera ku copy yomwe ija a Mdala akukana.

Pa mayiki, aimitseni onse awiri pa condenser imodziyo, wa mawu amphamvu abwerere m'mbuyo pang'ono. Amamverana bwino akakhala limodzi kusiyana ndi kulowa mmodzimmodzi.

Bezi_Joni

Aise ine ndikutsutsako pang'ono, tisamanamizane kuti zida zilibe ntchito. Anthu aja anali ndi piyano yeniyeni ya grand m'chipinda chabwino, komanso oimba a session oopsa, Rutger Gunnarsson pa bezi, Ola Brunkert ndi Roger Palm pa ng'oma, Janne Schaffer ndi Lasse Wellander pa magitala. Tamvera bezi ya Rutger, siikhala pa root note kudikira chord ina, imayenda, ili ndi nyimbo yakeyake pansi apo. Zimenezo bezi ya pa kiyibodi yoimba ndi chala chimodzi singakupatse. Nde ngati kandalamako kalipo, lipira munthu wodziwa bezi ndi wa ng'oma tsiku limodzi, mu Lilongwe muli anyamata ambiri m'matchalitchimo oti akhoza.

Ng'oma za zaka za m'ma 1970 zinali zouma, zosalira nthawi yaitali. Chotsani chikopa chakutsogolo cha kick muikemo pilo, pa snare muyalepo kansalu kapena kumata tepi, ma tom chimodzimodzi. Reverb pa ng'oma ichepe kwambiri, muisungire mawu, plate ndi imene imakhala bwino. Ngati ng'oma zenizeni zakanika sakani ma sample olembedwa dry kapena 70s kit, osati 808 ija mwazolowera, ndipo muwonjezere tambourine ndi kuwomba m'manja kwa anthu enieni.

Komanso funsa bwana wakoyo kuti ABBA yake ndi ya chaka chiti chifukwa sound yawo inasintha. Ya 1974 pomwe anawina mpikisano wa nyimbo wa Eurovision ku Brighton mpaka cha m'ma 1976 ndi piyano, magitala, ma string, ndi Minimoog apa ndi apo. Mu 1978 anatsegula situdiyo yawoyawo Polar Studios m'nyumba yomwe kale inali ya kanema, muli desiki ya Harrison, ndipo Led Zeppelin anakajambulako chaka chomwecho. Kuchokera cha m'ma 1979 Benny anali ndi synth ya Yamaha GX-1, chimakina cholemera makilo mazana, chosowa, ndipo pofika pa The Visitors ya 1981 ma synth achuluka ndipo anajambula pa makina a digital a 3M. GX-1 iwalani, simungaipeze ngakhale kuno ku Joni, koma Cherry Audio ali ndi plugin yotchedwa GX-80 yomwe anatengera ku GX-1 ndi CS-80, ndipo a Harrison eni ake ali ndi Mixbus ngati mukufuna EQ ya mtundu wa desiki yawo. Model D ndi kabwino, ndinakagwirapo, koma kamaimba note imodzi nthawi imodzi, ka ma riff ndi ma arpeggio basi, pa nyimbo yonse mwina mungakagwiritse ntchito ma bar 8. Plugin ya Minimoog iliyonse ikwanira pamenepo.

Jah_Fulu

Kkkkk koma bwanayo akufuna ABBA pa bajeti ya ndalama zingati? Muwauze kuti a ku Sweden ankatha masabata pa nyimbo imodzi. Komanso man musanayambe zonsezi chipinda chanucho chili bwanji, ngati ndi cha malata opanda siling'i ndi makoma a pulasitala okhaokha, ukaunjika ma take 12 waunjikanso kulira kwa chipindacho ka 12, ndi galu wa aneba yemwe. Imikani matiresi kumbuyo kwa oimba, bulangete lolemera m'mbali, mujambule usiku ma minibasi atasiya.

Chimz_Keys

Zikomo nonse, Model D ndaisiya kaye. Dzulo ndayesa za 442 zija pa piyano ndi gitala, eeh amwene zasintha zenizeni, chorus yatseguka. A Nambewe, atsikana tawakweza kuchoka pa G kupita pa A, wa mawu apakatiyo akudandaula koma zikumveka bwino, tikumana Loweruka kuti tichonge popumira. Bwana akuti yake ndi ya piyano ija, nde za GX-1 zatipulumuka. Koma a Mdala pali kena, ndinaimbanso bezi kawiri, ina kumanzere ina kumanja, pa mahedifoni ndi bho koma pa ka Bluetooth bezi ikumasowa nkubweranso. Ndalakwitsa pati?

Mdala_wa_Tepi

Bezi ndi kick zisiye imodzi imodzi, pakati. Mawu apansi akasiyana tune pang'ono amalimbana, pena akuthandizana pena akuzimitsana, ndiye kusowa ndi kubwera ukumvako, ndipo pa sipika imodzi zimaonekera poyera. Ngakhale piyano ziwirizo uzidule pansi ndi high pass cha pa 120 Hz kuti malo apansiwo atsale a bezi yokha, magitala a acoustic ukhoza kudula mpaka 150. Dzanja lamanja la piyano uyeseko kuimba melody mu ma octave pamene atsikana apuma, Benny amakonda kuyankha oimba chonchi, ndipo ka glockenspiel ka mu PSR kotsatira ma note omwewo chapansipansi kamawalitsa bwino. Ukamaliza dina mono pa master umvere nyimbo yonse, chilichonse chimene chathawa ubwerere ukachikonze. Loweruka likadutsa utiponyere chorus yokha timve, ya mawu opanda reverb.