Fayilo imodzi ya sysctl pa makina awiri: laputopu ikuhang'a, desktop ikunamiza makasitomala

Tayipa_Chitakale

Moni nonse. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pa Chitakale pano. Makina ndili nawo awiri, onse a Linux Mint. Wamkulu ndi desktop ya RAM 16GB ndi SSD, ndinaigula ku Limbe. Winayo ndi laputopu yokalamba ya 2GB, ya hard disk yozungulira ija, mukaika khutu imamveka kuti tcheketcheke.

Mwezi watha mlamu wanga anandipatsa kafayilo, akuti kothamangitsa kompyuta. Ndinakaika mu /etc/sysctl.d/, foda ya mafayilo osintha kagwiridwe ntchito ka Linux, pa makina onse awiri, osasintha kanthu. Muli mizere iwiri: vm.swappiness=10 ndi vm.dirty_ratio=40.

Chiikireni, mtendere palibe. Laputopu ndikatsegula Firefox ndi LibreOffice pamodzi, mouse imangouma, kanyali ka disk kali ng'aa osaphethira. Lachiwiri mnyamata wina amatayipa kalata yofunsira ntchito ku esiteti ya tiyi, inaima mphindi zoposa khumi mpaka ndinaizimitsa pa batani. Kalata inapita, ndalama sindinamuuze n'komwe. Chondizunguza mutu n'chakuti ndikalemba free -h imaonetsa swap ya 2GB, malo a pa disk othandizira RAM ikadzaza, pafupifupi yonse ili chikhalire.

Desktop sihang'a, koma yayamba bodza. Mayi ena anabwera kuti ndiwaikire vidiyo ya ukwati wa mwana wawo pa fulashi. Kompyuta inati yatha m'kamphindi, iwo n'kuzula fulashi, ulendo. Mawa lake ali pakhomo, achokera ku Likhubula pa kabaza m'chiperoni chija, vidiyo ikuthera pakati, mkwati asanalowe m'tchalitchi. Ya kabaza ndinabweza ndine.

Kodi vuto ndi fayiloyi? Mlamu akuti kwake ikuyenda bwinobwino.

Aphunzitsi_Bvumbwe

Achimwene, afunseni alamu anuwo kuti makina awo ali ndi RAM yochuluka bwanji. Ndikhulupirira si 2GB.

Ambiri amaganiza kuti swappiness=10 ikutanthauza kuti swap iyambe RAM ikatsala 10 peresenti. Ayi. Malo akachepa mu RAM, kernel, mtima wa Linux, imasankha chochotsa pakati pa zinthu ziwiri. Pali memory ya mapulogalamu, ngati ma tab a Firefox, imene ilibe kwina kokhala kupatula swap. Palinso cache ya mafayilo, makope ake osungidwa mu RAM, imene ingathe kungotayidwa chifukwa ilipo kale pa disk. Swappiness ndi sikelo ya ziwirizi. Imabwera ili pa 60. Mukaitsitsa, mukuuza kernel kuti ilimbikire kutaya cache.

Tsono apa m'pamene pagona nkhani: code ya Firefox ndi LibreOffice yeniyeniyo imakhala mu cache momwemo. Taganizani tebulo la m'shopu mwanumo. Ladzaza, koma inu mwalumbira kuti mapepala a makasitomala amene anapita kale sachoka patebulo. Ndiye mukuchotsa stepula ndi sizasi kukaika kuseri, kenako kukazitenga, kenako kukazibwezanso. Kanyali kosaphethirako ndi maulendo amenewo. Pa 16GB tebulo silidzaza, n'chifukwa chake desktop siikumva kanthu.

Tsimikizani nokha. Lembani vmstat 1 nthawi imene yayamba kulemera. Mukaona manambala a "si" ndi "so" (zochokera ndi zopita ku swap) ali pansi koma ya "bi" (zowerengedwa pa disk) ili m'mwamba, ndi zomwezo.

Ine pa makina akale a ana asukulu ndimaika zram. Ndi swap yokhala mu RAM momwemo koma yopanikizidwa, ngati kufinya zovala m'chikwama. Fedora inayamba kubwera nayo kuyambira pa 33, mu 2020. Pa Mint ikani zram-tools, mu /etc/default/zramswap mulembe ALGO=zstd ndi PERCENT=50. Mukatero swappiness muikweze, musaitsitse. Kuchokera pa kernel 5.8 imafika 200, ndipo kupitirira 100 n'kwa swap yothamanga kuposa disk ngati imeneyi. Yambani ndi 150. Muonjezere vm.page-cluster=0. Imabwera ili pa 3, kutanthauza kuti kernel imakoka tizigawo 8 ta memory nthawi imodzi pochokera ku swap. Pa disk yozungulira n'zanzeru, pa zram n'kungotaya mphamvu.

NaLuchenza

Za fulashizo ndiyankhe ine, zinandionekerapo ndi nyimbo za kwaya ya kumpingo kwathu.

Kompyuta yanu sinaname kwenikweni bambo. Mukamakopera, zinthu zimayamba zaunjikana mu RAM, kernel n'kumazitsanulira pa fulashi pang'onopang'ono. Zimene sizinalembedwezo amazitcha dirty. Mzere wa dirty_ratio ukunena kuchuluka kwa mulu umene ungaunjikane pulogalamu yokoperayo isanaimitsidwe kuti idikire. Umabwera uli pa 20, inu mwauika pa 40. Ndi peresenti ya memory yopezeka, choncho pa 16GB ndi ma GB angapo. Vidiyo yonse ya mayi aja inakwana m'menemo, ndipo kawindo kanati zatha pomwe fulashi inali isanalandire ngakhale theka. Fulashi zotchipa zija zikamalemba 5MB pa sekondi, 1GB yokha imafuna mphindi zitatu ndi kanthu.

Pa desktop siyani maperesenti, ikani ma byte:

vm.dirty_background_bytes=16777216
vm.dirty_bytes=50331648

Ndiye kuti kulemba kuyambe mulu ukafika 16MB, ndipo usapitirire 48MB. Mzere wa dirty_ratio muufufute, chifukwa ziwirizi siziyendera limodzi: mukaika ina, inzake imasanduka 0, ndipo yolembedwa komaliza ndiyo imapambana. Kukopera kudzaoneka ngati kwachedwa, koma ndi liwiro lenileni la fulashiyo.

Komanso ndi mmene magetsi amazimira kunoku, chilichonse chili mu muluwo chimapita nawo limodzi. Laputopu ili ndi batire, desktop ilibe.

Ngakhale zili choncho, kasitomala asamazule yekha. Dinani eject, kapena lembani sync, mudikire ibwerere. Ine fulashi ndimaika kumbuyo kwa makina komwe dzanja la kasitomala silifika.

Kabaza265

Akulu, zonsezi n'kuvutika. Kwerani minibasi, ku Limbe RAM yakale ili mbwee. Muikemo ina ya 2GB nkhani ithe.

Tayipa_Chitakale

Zikomo nonse. A Kabaza, ndinatsegula kale kunsi kwake, kabowo ka RAM n'kamodzi kokha, ndipo ya 4GB ya mtundu umenewo mtengo wake ndi wa mapepala a mwezi wathunthu. Idikire nyengo ya mayeso ndikapeza kangachepe.

Ndachita zimene mwanena, makina aliwonse fayilo yakeyake. Ya laputopu ndaitcha 99-laputopu.conf, ya desktop 99-desktop.conf, kuti tsiku lina ndisadzasokonezenso. Ndinalemba sudo sysctl --system, koma swappiness inabwerabe 10. Ndinatuluka thukuta theka la ola, osadziwa kuti kafayilo ka mlamu kanali kakadali momwemo. Mafayilo a m'menemo amawerengedwa motsata alifabeti, ndipo kake dzina lake 99-liwiro.conf, kamabwera pambuyo pa 99-laputopu.conf n'kufafaniza zanga. Nditakachotsa zinatheka.

Aphunzitsi, munalasa. Ndisanasinthe, vmstat inaonetsa bi ikuthamanga, si ndi so zili phee. Pano ndatsegula Firefox ma tab asanu ndi LibreOffice, mouse ikuyenda. Siyothamanga ayi, nkhalamba ndi nkhalamba, ndipo fani ikulira kuposa kale. Koma dzulo mtsikana wina watayipa CV yake mpaka kupulinta osaima.

Mayi a ku Luchenza, ndayesa ndi vidiyo yomwe ija. Yatenga mphindi zisanu ndi ziwiri m'malo mwa kamphindi kaja. Ndimayang'ana grep Dirty /proc/meminfo uku ikukopera, nambala sinapitirire pamene munanena. Fulashi ndasamutsira kumbuyo.

Funso latsala limodzi. swapon --show ikuonetsa ziwiri, /dev/zram0 ndi /swapfile yakale ija. Ndichotse yakaleyo?

Aphunzitsi_Bvumbwe

Onani kumapeto kwa mzere, pa PRIO. Ya zram ikhale ndi nambala yaikulu, zram-tools imaika 100, ndipo swapfile imakhala ya minus. Kernel imadzaza ya nambala yaikulu kaye, ya pa disk imakhudzidwa zram ikadzaza basi. Pa 2GB ine ndikanaisiya, kusiyana n'kuti OOM killer, yotseka mapulogalamu memory ikatha, iphe LibreOffice munthu ali pakati pa kalata. Koma mukaona swapfile yayamba kudzaza, tsekani ma tab msanga, chifukwa swappiness ya 150 ija pa disk yozungulira idzakubwezerani kanyali kaja. Fani kulira ndi CPU ikupanikiza, komabe muipemerere fumbi, la pa Chitakale ndimalidziwa.