Gulu la banja: za ndalama zosindikizira buku la Celestino

Malume Bernardo (Ulónguè), 19:04
Mwaswera bwanji nonse? Mwana wa mlongo wanga, Celestino, anamaliza kulemba buku lake lachiwiri la nthano za m'Chinyanja, koma mpaka lero lidakali m'kompyuta chifukwa chosowa ndalama zosindikizira. Ndamupempha kuti afotokoze yekha, ndipo aliyense ayankhe atawerenga mofatsa.

Celestino, 19:15
Zikomo malume. Osindikiza a mumzinda wa Tete akufuna 42,000 meticais (ndalama zathu za kuno ku Mozambique) pa mabuku 300, ndipo theka la ndalamazi liyenera kuperekedwa iwo asanagule mapepala. Malipiro anga a uphunzitsi amathera pa lendi, chakudya ndi ana. Buku loyamba linatha lonse, koma ndalama zake zinkabwera pang'onopang'ono, chifukwa eni masitolo amatenga mabuku pangongole, amachotsapo gawo lawo, ndipo amalipira pokhapokha akagulitsa. Mabuku ena ndinawasiya ku Dedza mu 2023, ndipo ndalama zisanandifike, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, moti nditasintha pa malire a Calómuè zinangokwanira mtengo wosindikizira basi.

Mayi aang'ono Felizarda (Tsangano), 19:31
Mwanangu, wanena za masitolo ndi za kwacha, koma wasiya china chifukwa cha ulemu, choncho ndichinena ine. Mabuku ambiri aja anathera m'banja momwe muno. Pa ukwati wa ku Dómuè ndinaona ndi maso anga katoni itatsegulidwa pakhonde, aliyense akutengapo lake, wina awiri, n'kumakuuza kuti usayine patsamba loyamba, iwe n'kumangomwetulira cholembera chili m'manja. Palibe amene anapisa m'thumba. Kodi alipo mwa inu amene amalowa m'munda mwanga n'kukumba kachewere osalipira, poti ndine mbale wake?

Achimwene Joaquim (Moatize), 19:44
Mayi anena zoona, ndipo sinditsutsa. Funso langa n'lakuti, kodi ogula buku la Chinyanja alipo okwanira? Anzanga kuno kumigodi amalankhula chilankhulochi tsiku lonse, koma powerenga amafuna Chipwitikizi. Sindikufuna kuti tisonkhe ndalama zoti zikagone m'makatoni.

Celestino, 19:58
Achimwene, ogula anga enieni ndi aphunzitsi. Kuyambira 2003 boma linayamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri m'sukulu zina za pulayimale, ndipo Chinyanja chili m'gulu la zilankhulo zimenezo, koma kupatula mabuku a m'kalasi, zowerenga zina n'zochepa kwambiri. Aphunzitsi a ku Angónia ndi ku Macanga ndi amene akhala akundifunsa za buku lachiwirili. Ndikalemba m'Chipwitikizi ndidzapikisana ndi alembi a ku Maputo, kumene kuli osindikiza akuluakulu ndi bungwe la alembi la AEMO, ndipo kumeneko palibe amene amandidziwa.

Achemwali Graça (Tete), 20:12
Ndawerengetsera. Buku lililonse likutuluka pa 140 meticais, ndipo likagulitsidwa pa 250 patsala 110, koma pamenepo pali thiransipoti ya chapa (minibasi) ndi gawo la wogulitsa. Maganizo anga ndi akuti ndalamazi zikhale ngongole ya banja, isakhale mphatso, ndipo zogulitsa zonse zizilowa pa nambala imodzi ya M-Pesa (ndalama za pafoni) imene Celestino sagwiritsa ntchito pogula ndiwo. Pa buku lililonse, 140 iziikidwa padera mpaka aliyense atabwezeredwa zake. Sindikukayikira mlongo wanga ayi, koma ndalama ikakhala m'foni ya bambo wa ana, mwana akadwala usiku imatuluka ndithu.

Malume Bernardo (Ulónguè), 20:20
Mfundo imeneyo ndaigwirizana nayo, ndipo nambalayo usunge ndiwe, Graça. Ndikuwonjezera kuti wachibale aliyense wofuna buku agule pa mtengo wonse, kuyambira ine. Agogo okha ndi amene alandire laulere, popeza nthano zambiri zili m'menemo zinachokera pakamwa pawo. Ine ndipereka 5,000.

Achimwene Joaquim (Moatize), 20:33
Ngati zili choncho, ine ndipereka 8,000 mwezi ukatha. Pempho langa n'lakuti aphunzitsi amene akulifuna bukuli alembetse mayina ndi kuperekeratu kangachepe, kuti tidziwe chiwerengero chawo tisanalipire theka lachiwiri. Akapezeka ochepa, tisindikize 200 okha, ngakhale ndikudziwa kuti mtengo wa buku limodzi udzakwererapo.

Mayi aang'ono Felizarda (Tsangano), 20:41
Yanga ndi 5,000, koma mudikire kuti ogula kachewere abwere ndi galimoto, chifukwa panopa ndalama zanga zili m'nthaka. Ndipo ku masitolo musasiyenso mabuku popanda pepala losayinirana, lonena chiwerengero ndi tsiku lolipira.

Achemwali Graça (Tete), 20:49
Ndikaikapo 3,000 yanga, zikukwana 21,000 za theka loyamba. Celestino, Lolemba upite kwa osindikiza ukatenge mtengo wolembedwa papepala, wa mabuku 300 ndi wa 200, ndipo uwafunse ngati mtengowo ukhalebe womwewo mpaka mayi atagulitsa kachewere.

Celestino, 20:55
Ndamva, achemwali. Ndipita ndikaweruka kusukulu, ndipo pepalalo ndilijambula n'kuliika pano pamodzi ndi mayina a aphunzitsi amene alembetsa kale.