Injini Ikazima Pamwamba pa Nyanja

Wofunsa: Akuluakulu, kodi woyendetsa ndege yaing'ono ya injini imodzi amachita chiyani injiniyo ikazima ali pamwamba pa nyanja yamchere, kutali ndi mtunda?

Woyankha woyamba: Ndegeyo siigwa nthawi yomweyo, koma imatsika pang'onopang'ono, ndipo mpata umenewo woyendetsa amayesa kuyatsanso injini, amapempha thandizo pa wailesi, kenako amatera motsata mzere wa mafunde, osati molunjika pamafundewo.

Wachiwiri: Ndiwonjezereko pang'ono, bambo. Chitseko chitsegulidwe ndege isanakhudze madzi, chifukwa chimatha kupindika n'kukana kutseguka, ndipo jekete yoyandamitsa isadzazidwe mpweya munthu asanatuluke.

Wachitatu: Mu Januwale 2015, ndege yaing'ono ya injini imodzi ya mtundu wa Cirrus SR22 yopita ku zilumba za Hawaii inapeza vuto la mafuta, inatsikira panyanja ndi parachuti yake (chiambulera chachikulu chotsitsa ndege yonse pang'onopang'ono), ndipo woyendetsa anapulumutsidwa ndi sitima yapamadzi.