Ndikufuna kuthandiza kuseri kwa siteji, koma ndiyambire pati?

Wongoyamba kumene:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuwonera masewero a gulu lina la zisudzo limene anthu ake amachita mongodzipereka, ndipo sabata yatha analengeza kuti akusowa anthu oti azithandiza kuseri kwa siteji. Mtima wanga unakopeka chifukwa zisudzo ndimazikonda kwambiri, ngakhale kuti kuima pamaso pa khamu n'kumalankhula si mbali yanga. Vuto ndi lakuti sindidziwa kupala matabwa, zamagetsi sindinazigwirepo, ndiponso masana onse ndimakhala kuntchito. Kodi munthu ngati ine angathandizedi, kapena ndikangosokoneza anthu odziwa ntchito yawo? Nanga ndi ntchito iti imene ndingayambe nayo, ndipo imadya nthawi yochuluka bwanji?

Woyang'anira siteji:

Pitani mukalembetse, musachite mantha. Ine ndimayang'anira siteji m'gulu lathu, ndipo munthu amene ndimamusowa chaka ndi chaka ndi wosunga nthawi komanso wochita chinthu chimodzimodzi mofanana usiku uliwonse, pakuti luso la manja timaphunzitsana pomwepo.

Ndikulangizani kuti muyambe ndi tebulo la zipangizo zing'onozing'ono zimene ochita sewero amalowa nazo pasiteji, monga kalata, makiyi, kapu kapena ndodo. Tebulolo timaliyala pepala, kenako timaligawa ndi tepi m'tizigawo, ndipo kachigawo kalikonse timalembapo dzina la chinthu chimene chimakhala pamenepo. Mukangoliyang'ana mumadziwa nthawi yomweyo chimene chasowa. Ntchito yanu idzakhala kuwerenga zinthuzo sewero lisanayambe, kuzilandira zikamachoka pasiteji, ndi kuzibwezera m'malo mwake sewero likatha. Imaoneka yaing'ono, koma ndinaphunzira kulemera kwake tsiku lina pamene wosewera wathu anatsegula kabati pasiteji kuti atulutse kalata imene nkhani yonse inatsamirapo, n'kupeza kuti mulibe kanthu. Kalatayo inali itatsalira m'thumba la jekete la dzulo lake, chifukwa aliyense wa ife ankaganiza kuti mnzake waibwezera. Ndinaona dzanja la mnyamatayo likunjenjemera m'kabatimo, ndipo kuchokera tsiku limenelo tebulo limakhala ndi mwini wake mmodzi yekha, amene amachonga papepala chinthu chilichonse.

Pali zochepa zimene muyenera kudziwiratu. Tikamanena kumanja kapena kumanzere kwa siteji, timawerengera wosewera amene wayang'ana kwa owonerera, osati munthu amene wakhala pampando. Chachiwiri, ngati inu muli kuseri ndipo mukutha kuona nkhope ya wowonerera, dziwani kuti nayenso akukuonani. Pa nkhani ya nthawi, m'nyumba za zisudzo za ku Britain muli chizolowezi choitana anthu kuti kwatsala theka la ola pamene kwenikweni kwatsala mphindi 35 kuti sewero liyambe, chifukwa osewera oyamba kulowa pasiteji amayenera kukhala ataima pamalo pawo kutatsala mphindi 5. Magulu ambiri odzipereka anatengera zomwezo, ndipo inu a kuseri mumafika iwo asanafike.

Wa magetsi:

Ndikugwirizana ndi a woyang'anira siteji, koma funso la nthawi alidutsa mofulumira, ndipo ndi pamene anthu atsopano ambiri amagwera mphwayi. Masabata oyambirira, pamene osewera akuloweza mawu, mwina simudzafunika kawirikawiri. Sabata yomaliza ndiyo yolemetsa, chifukwa ndi pamene timaphatikiza magetsi, zomveka, zovala ndi kusintha kwa siteji, ndipo kagawo ka mphindi imodzi tikhoza kukabwereza kasanu kufikira zonse zitagwirizana. Madzulo onse a sabata imeneyo muwasungire gulu, pamodzi ndi masiku onse owonetsa sewero, ndiponso tsiku lophwasula siteji, limene ambiri amalizemba chifukwa chisangalalo chimakhala chitatha. Ngati pali tsiku limene simudzatha kubwera, nenani pachiyambi pomwe. Munthu wonena kuti adzapezeka masiku atatu okha n'kupezekadi timamukonzera malo mosavuta, koma wolonjeza masiku onse n'kusowa pa tsiku lotsegulira amatisiya manja ali m'khosi.

Musadziderere pa zamagetsi. Woyendetsa makina a nyale safunika kudziwa kulumikiza mawaya, chifukwa kusintha konse kwa kuwala kumakhala kutasungidwa kale motsatana. Woyang'anira siteji amawerenga buku lake, mmene analemba chizindikiro chilichonse pambali pa mawu a sewero, ndipo amakuchenjezani ndi mawu akuti "standby", kutanthauza kuti khalani okonzeka. Inu mumayankha, n'kuika chala pabatani, koma simudina kufikira mutamva "go", kutanthauza kuti dinani tsopano. Ngakhale mukuona ndi maso anu kuti nthawi yakwana, mumadikira liwulo, pakuti iye akuona zinthu zimene inu simukuziona, monga munthu amene akadali pakati pa siteji atanyamula mpando mumdima.

Chimene sindilola munthu watsopano kuchita yekha ndicho kukwera makwerero ndi kupachika nyale. Nyale iliyonse yopachikidwa pamwamba pa mitu ya anthu imafunika chingwe chachitsulo chachiwiri choigwira ngati chomangira chake chitamasuka. Nyale za mtundu wakale zimatentha mokwanira kuwotcha dzanja ngakhale zitazimitsidwa kumene, ndipo babu la halogen siligwiridwa ndi zala chifukwa mafuta a pakhungu amawononga galasi lake likatentha. Nyale za LED sizitentha motero, koma kulemera kwake kukadalipo.

Mayi wa zovala:

Mwanawe, ngati umatha kusoka batani ndi kusita malaya, kuchipinda cha zovala manja sakwana. Ntchito imene ndimaikonda koposa ndi yothandiza wosewera kusintha zovala mofulumira mumdima, nthawi zina m'mphindi yosakwana imodzi. Diresi timaliyala pansi litatseguka kuti angopondamo, nsapato zimakhala zomasula kale, ndipo ine ndimakhala ndi katochi kakang'ono ndi mapini angapo pachifuwa. Pamenepo sipafunika kulankhula, ndipo wosewera akamapuma mwabefu, kudekha kwa womuthandiza ndiko kumamukhazika mtima pansi. Uzidzavala zakuda ndi nsapato zosagogoda. Mwambo umenewu uliponso m'zisudzo za kabuki za ku Japan, kumene othandiza otchedwa kuroko amavala zakuda thupi lonse n'kumayenda pasiteji pomwepo, owonerera n'kumawatenga ngati palibe. Ndikupemphanso chinthu chimodzi: zimene uona ndi kumva m'chipinda chosinthira zovala zizithera momwemo, chifukwa anthu amakhala atakukhulupirira pa nthawi imene ali ndi mantha.

Wongoyamba kumene:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndalankhula ndi amene amatsogolera gululo, ndipo ndawauza poyera kuti Lachitatu sindingapezeke koma masiku ena onse a sabata yomaliza ndilipo. Andipatsa tebulo la zipangizo la kumanzere kwa siteji, ndipo andiuza kuti ndibwere Loweruka kudzaonera kuyeserera konse kuti ndilembe chinthu chilichonse, amene amachitenga ndi mbali imene chimatulukira. Mayi, za batani ndimatha ndithu, choncho ndikazolowera tebulo ndidzafunsanso za kuchipinda cha zovala.