Kalumo kakuthwa ndi mkuwe, tanthauzo lake n'chani?

Odziwa Chichewa chakale ndithandizeni chonde. Ndagwira ntchito zaka zambiri ngati mkulu wa zachuma pakampani, ndiye pano kampani ina yandipempha kuti ndikakhale mu bodi ya madailekitala, osati ngati wolembedwa ntchito ayi koma uja wochokera kunja wongobwera pa misonkhano. Nditawauza bambo anga aang'ono pafoni anangoti "mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa", osapuma n'komwe anawonjezera "koma kwa eni kulibe mkuwe", netiweki n'kuduka. Ndagona nazo mumtima usiku wonse.

Kalumo ndikudziwa ndi lumo laling'ono lometera, koma mlendoyo akumeta ndani? Nanga mkuwe ndi kukuwa komwe timadziwaku kapena ndi mawu ena akale? Chifukwa ngati ndi kukuwa ndiye miyambi iwiriyi ikukokana, wina akuti lankhula wina akuti tseka pakamwa.

Sikuti ndikungofunsa ayi. Anditumizira kale mapepala a msonkhano woyamba, fayilo yonenepa zedi, maminitsi akale, lipoti la maodita, ndipo pali tsamba lina la ngongole lomwe manambala ake sakundikhalira bwino, ndalibwereza katatu ndi pensulo m'manja. Kuntchito kwathu ndikanangoyitana wa maakaunti n'kumuuza akonze lero lomwe. Uku sindine bwana wa munthu aliyense.

*

Achemwali, mkuwe ndi kukuwa komweko, mfuu. Kwa eni sukweza mawu ngati uli pakhomo pako, sulamula ana a eni ake. Za kalumozo mmene ndinamvera ine, malumo a eni mudzi amabuntha chifukwa chozolowera, vuto amadutsa nalo tsiku ndi tsiku mpaka osalionanso, ndiye mlendo akafika amaliona pompopompo n'kupereka nzeru yomwe eni ake inawasowa. Bambo anuwo sanadzitsutse, kalumo kamameta mwakachetechete.

*

Ndikugwirizana ndi achimwene ayankha pamwambawa koma mayi samalani, mwambi wa mkuwewo usakutsekeni pakamwa. Ine ndakhalapo mu bodi ndipo dailekitala si mlendo wongodutsa, lamulo limakuwerengerani udindo pa zomwe bodi yavomereza ngakhale munangokhala duu osanena kanthu. Kumbukirani kampani ya Enron ya ku America yomwe inagwa mu 2001, bodi yake inalola mkulu wa zachuma Andrew Fastow kuyendetsa timakampani tapambali tochita bizinesi ndi Enron yomweyo, anthu ophunzira bwino atakhala pompo patebulo. Chaka chotsatira, 2002, boma la America linakhazikitsa lamulo la Sarbanes-Oxley lomwe linati komiti yoona za odita ikhale ya madailekitala oima paokha. Ku Britain anali atayamba kale, lipoti la Cadbury la 1992 linalimbikitsa kuti bodi ikhale ndi madailekitala ochokera kunja osachepera 3 komanso kuti wapampando ndi mkulu woyendetsa kampani akhale anthu awiri osiyana. Akufuna kalumo kanuko, n'chifukwa chake akuyitanani.

Mkuwe woti muusiye ndi wa ubwana uja, kulowa muofesi ya eni n'kuyamba kutuma antchito, izo ndi za manijimenti ndipo ife ozolowera kulamula chimativuta kwambiri n'chimenechi. Inu ntchito yanu ndi kufunsa, funso limodzi labwino, n'kudikira yankho osathandiza kuliyankha. Musanasaine kalata yovomera funsani ngati pali inshuwalansi yoteteza madailekitala, ndipo ngati kampani ya kuntchito kwanu imachita bizinesi ndi iyi nenani poyera tsiku loyamba lomwe.

*

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ndiye tsamba la ngongole lija ndiimbira kaye wapampando mawa kuti asadzadzidzimuke pa msonkhano, ndipemphenso kukumana ndi wapampando wa komiti ya odita. Yankho likakhala losakwanira ndidzafunsabe pamaso pa onse, ndipo ndidzapempha sekilitale wa kampani kuti alembe funso langa mu maminitsi. Bambo aang'ono ndiwaimbiranso madzulo ano, ndikufuna ndimve kwa iwo eni ngati mlendo amene wapatsidwa mpando ndi voti akadali mlendo, ndipo amasiya liti kukhala mlendo, chifukwa ndikuopa kuti pakatha zaka zingapo kalumo kanga nakonso kadzabuntha ine osadziwa.