Sipidomita ya Datsun 1200 ikuwerenga mochepa, ndisinthe kagiya ka m'giyabokosi?

WaKuKapata:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Datsun 1200 ya pikapu imene anandisiyira malemu atate, yomwe ankanyamulira mtedza kuchokera ku Chiparamba kubwera nawo m'tauni. Ndaikonza pang'onopang'ono ndipo injini tsopano ikulira bwino. Chatsala ndi sipidomita. Pa Great East Road popita ku Katete, singano ikaloza 80, GPS ya pafoni imati 90. Ikaloza 40, foni imati 45. Zikundidetsa nkhawa chifukwa pa chikwangwani cha 60 ndimakhala nditapitirira kale osadziwa.

Matayala ake enieni anali 155 pa marimu a 12, koma amavuta kupeza kuno, ndiye ndinaika 185/70 pa marimu a 13. Difu, magiya a pakati pa matayala akumbuyo, nayonso si yake. Ya 4.11 (shafuti ikazungulira ka 4.11, matayala amazungulira kamodzi) inkalira kwambiri, amakaniko anaikapo ya 3.9. Wotchi yakale ya sipidomitayo sindifuna kuichotsa, ndi imene atate ankayang'ana. Ndamva kuti m'giyabokosi muli kagiya kamene amasintha. Kodi n'zoona?

Makaniko_Katete:
N'zoona achimwene, ndipo manambala anuwo akusonyeza kuti wotchi ilibe mlandu. Taonani: pa 40 ikuperewera 5, pa 80 ikuperewera 10. Kuperewera kukukula pamodzi ndi liwiro, ndiye kuti kebulo ikuzungulira pang'ono kusiyana ndi mmene wotchi ikuyembekezera. Mawotchi a magalimoto akale a ku Japan anawakonza kuti kebulo izizungulira ka 637 pa kilomita iliyonse. Kebuloyo imayendetsedwa ndi kagiya kapulasitiki kamene kamalumana ndi shafuti yotuluka kumbuyo kwa giyabokosi. Choncho imawerenga kuzungulira kwa shafuti, za pamsewu sizidziwa.

Tayala lanu lakale linali lotalika mamilimita pafupifupi 553, latsopanoli ndi 589. Pamenepo mwawonjezera 6.5 peresenti pa mtunda umene motoka imayenda shafuti ikazungulira kamodzi. Kuchoka pa difu ya 4.11 kupita pa 3.9 mwawonjezeranso 5 ndi pang'ono. Zonse pamodzi ndi 12 peresenti, yomwe ija ya 80 ndi 90.

Musanagule kanthu, yesani izi. Lembani manambala a makilomita amene ali pawotchi, yendani makilomita 20 molingana ndi foni, muonenso. Akawonjezereka pafupifupi 18 okha, vuto ndi giya basi. Koma akawonjezereka 20 ndendende, singano yokha n'kumanama, vuto lili m'kati mwa wotchi, pa maginito kapena kasipuling'i, ndipo kusintha giya kungoononga zinthu.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Mano a kagiya kamene kalimo, chulukitsani ndi liwiro la pawotchi, mugawe ndi liwiro lenileni. Mano ochepa amathamangitsa kebulo, ambiri amaichedwetsa. Inu mukufunika ochepa.

Mnyamata_wa_Mchini:
Amdala, bwanji osangozula singano n'kuibwezera patsogolo pang'ono? Ine ndinaona akuchita zimenezo pa Hilux, sizinatenge ngakhale ola.

MdalaWaLundazi:
Ayi mwana wanga, pa motoka iyi sizingathandize. Ukasuntha singano ndi 10, pa 90 ilondola, koma pa 45 iziloza 50, ndipo makilomita azingoperewerabe. Munthu amene amasintha oyilo poyang'ana manambalawo azichedwa nthawi zonse. Komanso kachitsulo kamene singano imakhalapo n'kowonda kwambiri, kakathyoka wotchi yatha.

A WaKuKapata, kagiyako kali pomwe kebulo imalowera, chakumchira kwa giyabokosi. Masulani kebulo, chotsani kabawuti kamene kamapanikiza kachitsulo kogwira, kenako kokani chonsecho. Ikani mbale pansi chifukwa oyilo amatha kudontha. Werengani manowo kawiri, mutaika kadontho ka penti pa dzino loyambira. Pofunafuna kena, yambani ku sikirapu pa ma Nissan 1400, amene anapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Mutenge kakaleko m'thumba, mukayerekeze utali wake ndi kumene manowo apendekera. Ku Chipata kukasowa, funsani ku Lusaka kapena kwa abale a ku Lilongwe kudzera pa Mwami. Kamphira kotchinga oyilo muikepo katsopano, apo ayi oyilo azikwera m'kebulo mpaka kuwotchi.

WaKuKapata:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa pamsewu wa ku Mwami, manambala aperewera monga munanenera. Ndakachotsa, kali ndi mano 19. Ndiye 19 kuchulukitsa ndi 80, kugawa ndi 90, ndapeza 16.9. Ndifune ka 17?

Makaniko_Katete:
Eya, ka 17. Koma kamano ochepa kamakhala kakang'onoko, ndiye onetsetsani kuti kakulumana bwino ndi giya ya pashafuti. Pakani girisi pamanowo, kalowetseni, nyamulani kumbuyo kwa motoka pa jeke giya ili pa fili, muzungulitse shafuti ndi dzanja. Mukakatulutsa muona pomwe girisi wafufutika. Kakamangogunda kunsonga kokha, manowo satenga nthawi kuti aperepeseke. Zikatero bwezeranimo ka 19, mufune kabokosi kosinthira liwiro kamene amamanga pakati pa giyabokosi ndi kebulo, kofulumizitsa ndi 12 peresenti.