Mwana wanga akuopa opaleshoni, melatonin ingathandize?

Mayi wa ku Ndirande: Anzanga, mwana wanga wa zaka 5 akachitidwa opaleshoni ya chotupa cha pamchombo Lachinayi. Akangoona nesi amayamba kukuwa n'kundigwira chitenje. Achemwali anga a ku Johannesburg akuti ndimumwetse melatonin. Alipo anayesapo?

Nesi wakuthiyeta: Mayi, musamumwetse nokha. Melatonin thupi limapanga lokha kukada kuti tulo tibwere. Zipatala zina kunjaku zimapatsa ana akatsala pang'ono kulowa m'thiyeta. Kafukufuku sagwirizana kwenikweni: wina anapeza kuti midazolam, mankhwala ozolowereka, amachotsa mantha kuposa melatonin, koma melatonin imachepetsako kuphiriphitha kwa mwana akamatsitsimuka. Mlingo wa melatonin umatengera sikelo ya mwana. Funsani wogonetsa odwala tulo pa opaleshoni, kwathu kuno nthawi zambiri amakhala kiliniko ofesa. Ndipo musamupatse phala mwakabisira chifukwa akulira njala, angasanze ali mtulo n'kutsamwa.

Bambo wa mapasa: Wanga ndinangomuuza zoona, kuti amuveka kachigoba kumphuno, apumiremo, agone. Tinayeserera kunyumba ndi kapu yapulasitiki. Analirabe, koma pang'ono.

Mayi wa ku Ndirande: Zikomo anesi. Kodi amalola kholo kumuperekeza mpaka atagona?

Nesi wakuthiyeta: Zimatengera chipatala, mayi. Kapempheni Lachitatu pomugoneka m'chipatala.